Ana Athu ndi Mafunde a Nyanja ya Mchere

Mwezi wa Disembala ukayandikira, m'mabanja ambiri a kuno ku Mulanje mumayamba kufika zithunzi zochokera kwa ana athu amene anapita kukafuna ntchito ku South Africa. Kale, m'masiku a Wenela, chithunzi chinkabwera m'kalata, mwini wake atavala suti ndi chipewa. Lero chimafika pa foni tsiku lomwelo, ndipo kawirikawiri mwanayo amakhala ataima pagombe ku Durban kapena ku Cape Town, madzi akumulekeza m'maondo. Kumbuyo kwake, patali pang'ono, kumaoneka anthu ena ataimirira pa matabwa, akutsetsereka pa funde lalitali ngati nyumba. Agogo akaona zimenezi amagwira pakamwa nafunsa kuti, kodi anthu amenewa ndi amisala, kapena anatemera mankhwala?

Mwezi uno tati tiyankhe funso limenelo. Masewera amenewa pa Chingerezi amatchedwa surfing, koma ife pano tiziti kukwera mafunde. Tifotokoza kumene anachokera, m'mene anafikira ku South Africa, ndiponso magombe amene atchuka nawo. Tili ndi chifukwa chachikulu chochitira tero. Pa chithunzi chija, amene ali pafupi ndi ngozi kawirikawiri si uja wakwera thabwa pakati pa mafunde, koma mwana wathu amene waima m'madzi osaya akumwetulira. Wa pathabwayo anaiphunzira nyanja kwa zaka zambiri. Wathuyo anaphunzira kusambira pa dziwe la mu Ruo kapena mu Thuchila, ndipo akuyesa kuti madzi onse ndi amodzi.

Kumene mafunde amabadwira

Ife a ku Mulanje tili kutali ndi nyanja ya mchere. Munthu akatuluka pa chipata cha Muloza nalowa m'dziko la Mozambique, ayenera kuyenda makilomita opitirira 300 kuti akaone gombe la kufupi ndi Quelimane. Komabe nyanjayo imatiyendera chaka ndi chaka, pakuti chiperoni chimene chimanjenjemeretsa ana athu m'kalasi m'miyezi ya Juni ndi Julayi ndi chinyezi cha m'nyanja ya Indian Ocean chimene mphepo imachikankhira ku mapiri athu. M'miyezi yomweyo, kumwera kwenikweni, pakati pa Africa ndi dziko la madzi oundana la Antarctica, kumaomba anamondwe aakulu pa nyanja yotakasuka yopanda mtunda wotchinga mphepo. Anamondwe amenewo ndiwo amabala mafunde aakulu amene amafika ku South Africa.

Mafundewo amayenda makilomita zikwizikwi, ndipo pa ulendo wautaliwo amadzisanja okha natsatana mwadongosolo monga mizere ya m'munda wolimidwa bwino, lina kutsata linzake patapita masekondi 12 kapena 15. Akafika pa madzi osaya, kunsi kwa funde kumachedwa pokhudzana ndi mchenga kapena miyala, pamene pamwamba pake pakuthamangabe. Tsono fundelo limaimirira, lipindika, kenaka lisweka nkusanduka thovu. Wokwera mafunde amadikira kuseri kwa malo oswekerawo atagona chafufumimba pa thabwa lake. Akaona funde labwino amapalasa ndi manja kufikira fundelo litamunyamula, ndipo pomwepo amadzuka naimirira, nkumatsetsereka chopingasa, kuthawa thovu limene likumulondola m'mbuyo. Pamwamba pa thabwa amapakapo phula kuti mapazi asaterereke, ndipo thabwalo amalimangirira ku mwendo ndi chingwe kuti lisamuthawe akagwa.

Wina afunsa kuti, nanga bwanji masewerawa sanazike mizu pa Nyanja ya Malawi, pamene nayonso ili ndi mafunde? Zoonadi mwera ukaomba m'nyengo yachisanu nyanja yathu imalusa, ndipo akuluakulu sanaiwale sitima ya Vipya imene inamira m'mwezi wa Julayi 1946 ndi anthu 145. Koma nyanja yathu, ngakhale ili yaitali makilomita pafupifupi 580, ndi yaing'ono poiyerekeza ndi ya mchere. Mafunde ake amafika pagombe mphepo imene yawautsa ikali kuomba, ali othithikana ndi osokonezeka, ndipo mphepo ikaleka nawonso amagona. Ndi oopsa kwa msodzi wa pa bwato, koma kawirikawiri sapatsa munthu mpata woimirira pa thabwa.

Chiyambi cha masewerawa

Mbiri yodziwika bwino ya masewerawa imayambira ku zilumba za m'nyanja ya Pacific. Amalinyero a Captain James Cook atafika ku Hawaii m'zaka za 1778 ndi 1779 anapeza eni dziko akukwera mafunde pa matabwa osemedwa ku mitengo. Ankasewera amuna ndi akazi, mafumu ndi anthu wamba, ndipo mafumu anali ndi matabwa awoawo, aatali ndi olemera, otchedwa olo. Kunonso ku Africa luso lotere linalipo kale. M'chaka cha 1834 msilikali wa ku Scotland, James Alexander, anaona anyamata a ku Accra, m'dziko limene lero ndi Ghana, atagona pa timatabwa topepuka, akudikira funde kuti liwabweretse kumtunda. Chotero amene amati masewerawa ndi a Azungu okha sadziwa mbiri yake.

Pano pali nkhani imene ikutikhudza ife a Mpingo. Amishoni a ku America anafika ku Hawaii m'chaka cha 1820. Anaona kuti anthu amalowa m'madzi osavala, ndiponso kuti pa mipikisano yawo amatchova juga mpaka ena kutaya chuma chawo chonse, ndipo anadzudzula masewerawo m'maulaliki ndi m'masukulu. Pa nthawi yomweyo matenda achilendo obwera ndi zombo anapha eni dziko ochuluka zedi, ndipo otsalawo anatanganidwa ndi ntchito za m'minda ya nzimbe. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 okwera mafunde anatsala owerengeka. Juga inali yoyenera kudzudzulidwa ndithu, koma popalira mundawo chimanga chinazulidwa pamodzi ndi kaufiti, pakuti nzeru yodziwa madzi inalibe tchimo.

Amene anawatchukitsanso masewerawa ndi Duke Kahanamoku, mbadwa ya ku Hawaii, katswiri wosambira amene anapata mendulo ya golide pa masewera a Olympic ku Stockholm m'chaka cha 1912. Kulikonse kumene ankaitanidwa kukasambira ankaonetsanso anthu kukwera mafunde, ndipo kumapeto kwa 1914 anachita zimenezi ku Sydney, m'dziko la Australia. Kuchokera pamenepo luso lija linawoloka nyanja zonse.

Kufika kwake ku South Africa

Olemba mbiri ambiri amatchula chaka cha 1919 ndi gombe la Muizenberg, kufupi ndi Cape Town, kumene mtsikana wina, Heather Price, anajambulidwa ndi thabwa limene anabwereka kwa asilikali a ku America amene sitima yawo inaima pa dokopo. Chaka chomwecho, mu mzinda womwewo, mwana wa kuno kwathu Clements Kadalie, wophunzira wa ku Livingstonia, anayambitsa bungwe la ICU pakati pa antchito a pa doko. Nyanja inali imodzi, koma ena inali yosewerapo, ena yonyamulirapo katundu. M'chaka cha 1922 mlembi wa mabuku wa ku England, Agatha Christie, naye anayesa masewerawa ku Muizenberg komweko, atagona pa kathabwa.

Masewerawa anakula kwenikweni itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ku Durban anafala pakati pa anyamata a m'magulu opulumutsa anthu pagombe, ndipo ku Cape Town John Whitmore anayamba kupanga matabwa opepuka m'zaka za m'ma 1950. M'chaka cha 1963 Bruce Brown wa ku America anafika ndi anzake awiri kudzajambula kanema wotchedwa The Endless Summer, ndipo pa Cape St Francis anapeza funde losalala, lalitali ulendo wake, limene linadabwitsa onse oonera. Kanemayo atafala m'chaka cha 1966, achinyamata a m'maiko ambiri anayamba kusunga ndalama za ulendo wa ku South Africa.

M'chaka cha 1969 ku Durban kunayamba mpikisano umene unadzatchuka ndi dzina lakuti Gunston 500. Shaun Tomson, mwana wa mu mzindawo, anaupambana zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana, kuyambira 1973 mpaka 1978, ndipo m'chaka cha 1977 anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi. Wendy Botha wa ku East London anakhala katswiri wa amayi m'chaka cha 1987, ndipo Martin Potter, amene anakulira ku Durban, anapata ulemu wa amuna m'chaka cha 1989. Masewerawa atalowa mu Olympic kwa nthawi yoyamba, ku Tokyo m'chaka cha 2021, Bianca Buitendag wa ku South Africa anapata mendulo ya siliva, ndipo ya golide inapita kwa Carissa Moore wa ku Hawaii, kwawo kwa masewerawa.

Magombe amene atchuka

Gombe la South Africa ndi lalitali makilomita pafupifupi 2,800, ndipo lili ndi nkhope ziwiri. Kum'mawa kumadutsa madzi ofunda otchedwa Agulhas, otsika kuchokera cha ku Mozambique. Kumadzulo kumadutsa madzi ozizira otchedwa Benguela. Nchifukwa chake ku Durban munthu amasambira chaka chonse ndi kabudula yekha, pamene kumadzulo kwa Cape Town madzi amazizira kufika madigiri 12 kapena kutsikirapo, ndipo okwera mafunde amavala chovala chamkaka wa mphira chokuta thupi lonse.

Ku Durban malo otchuka ali pakati pa mzinda penipeni: North Beach, New Pier ndi Bay of Plenty, kumene milatho yolowa m'nyanja imaunjika mchenga umene umaswa mafunde bwino. Kumwera kwa doko, ku Bluff, kuli Cave Rock, kumene funde limasweka pa miyala, ndipo kumalowa akatswiri okha. Ku Eastern Cape, makilomita pafupifupi 75 kuchokera ku Gqeberha, mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth, kuli Jeffreys Bay. Funde la kumeneko, lotchedwa Supertubes, limapindika ngati mpanda wa nsungwi wokulungidwa, ndipo munthu amalikwera mtunda wa mamita mazana angapo osatsika. Ambiri amaliwerengera pakati pa mafunde abwino koposa pa dziko lapansi, ndipo nyengo yake ndi Juni, Julayi ndi Ogasiti.

Ku Cape Town, Muizenberg ndi sukulu ya oyamba kumene, popeza mafunde ake ndi ofatsa ndipo pansi pake ndi mchenga wotsetsereka pang'onopang'ono. Koma kuseri kwa phiri la Sentinel, ku Hout Bay, kuli malo otchedwa Dungeons, kumene m'nyengo yachisanu mafunde amatalika ngati nyumba yosanja, ndipo anthu amafikako pa boti. Anansi athu a ku Mozambique nawo ali ndi malo awo, monga Tofo kufupi ndi Inhambane, ndi Ponta do Ouro m'malire ndi South Africa. Tizindikire kuti ambiri mwa malo amenewa ali pakhomo pa ana athu. A Malawi ambiri amakhala ku Durban, ku Capricorn kufupi ndi Muizenberg, ku Masiphumelele, ndi ku Imizamo Yethu ku Hout Bay, ndipo tsiku lopuma likafika, nyanja ndi malo amene salipiritsa polowa.

Magombe a Azungu okha

Wowerenga watcheru waona kuti akatswiri a ku South Africa amene tatchulawo ndi Azungu okhaokha. Sizinangochitika ayi. Lamulo la tsankho la 1953 linalola boma kugawa mabasi, mipando, zimbudzi ndi malo osangalalira potsata khungu, ndipo m'kupita kwa nthawi magombe nawo anagawidwa. Abwino, oyandikira mizinda ndiponso olondedwa, anapatsidwa kwa Azungu. Anthu akuda anakankhidwira ku magombe akutali, amiyala, ndi a madzi oopsa. M'chaka cha 1972 Eddie Aikau, katswiri wa ku Hawaii amene anabwera ku mpikisano wa ku Durban, anakanizidwa malo m'hotela chifukwa cha khungu lake. Mdzukulu wa eni masewerawo anayesedwa wosayenera kugona pamodzi ndi ophunzira awo.

Otsutsa sanasowe. M'chaka cha 1985 Tom Carroll wa ku Australia, amene anali katswiri wa dziko lonse, anakana kukapikisana ku South Africa, ndipo Tom Curren ndi Martin Potter anachita chimodzimodzi. M'mwezi wa Januwale 1987 Mbusa Allan Hendrickse analowa m'madzi pa King's Beach ku Port Elizabeth, gombe la Azungu okha, ndipo ngakhale anali nduna ya boma, Pulezidenti P. W. Botha anamuumiriza kupepesa. M'mwezi wa Ogasiti 1989 Akibishopu Desmond Tutu anatsogolera khamu la anthu ku magombe oletsedwa a kufupi ndi Cape Town, ndipo apolisi anawachingamira ndi agalu ndi zikoti. Mu Novembala chaka chomwecho Pulezidenti F. W. de Klerk analengeza kuti magombe atsegulidwe kwa onse, ndipo lamulo lija linafafanizidwa m'chaka cha 1990.

Zipatso zinayamba kuoneka. Cass Collier wa ku Cape Town, amene anakula akuthamangitsidwa pa magombe a Azungu, anapambana pamodzi ndi Ian Armstrong mpikisano wa mafunde aakulu ku Mexico m'chaka cha 1999, ndipo m'chaka cha 2018 Michael February anakhala munthu wakuda woyamba wa ku South Africa kulowa m'gulu la akatswiri apamwamba opikisana chaka chonse. Ku Masiphumelele, m'chaka cha 2009, kunayamba ntchito imene inadzatchedwa Waves for Change, yophunzitsa ana a m'makomboni kusambira ndi kukwera mafunde pofuna kuwatonthoza ku zowawa zimene amakula nazo.

Koma lamulo limafafanizidwa tsiku limodzi, pamene umbuli umene labzala umatenga mibadwo kuti uthe. Bambo amene sanaloledwe kufika pagombe alibe choti aphunzitse mwana wake za nyanja. Lero pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale anthu zikwizikwi amakhamukira ku magombe a ku Durban ndi ku Cape Town, ambiri a iwo osadziwa kusambira, ndipo pakati pawo pali ana athu, alendo kawiri: alendo m'dziko, alendonso m'madzi.

Shaki ndi khwawa la m'nyanja

Mukamufunsa munthu wa kuno chimene amaopa m'nyanja ya mchere, adzatchula shaki, nsomba yolusa ija. Mantha ake ali ndi maziko. M'mwezi wa Julayi 2015, pa mpikisano wa ku Jeffreys Bay, anthu a m'maiko ambiri anaonera pa wailesi yakanema shaki ikugunda thabwa la Mick Fanning wa ku Australia, amene anapulumuka wosavulala. Ku Durban anayamba kutchera maukonde oteteza osambira m'chaka cha 1952, ndipo ku Muizenberg, kuyambira 2004, alonda otchedwa Shark Spotters amakhala paphiri akuyang'ana m'madzi. Akaona shaki amaliza lipenga nakweza mbendera yoyera, ndipo aliyense amatuluka.

Komabe anthu ophedwa ndi shaki ndi ochepa kwambiri powayerekeza ndi omira, ndipo chimene chimamiza ambiri pagombe sichikhala ndi mano. Madzi onse amene mafunde amawakankhira kumtunda ayenera kubwerera. Monga akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, nawonso amadzikumbira ngalande mumchenga wa pansi, nabwerera m'menemo mwaliwiro ngati mtsinje wolowera pakati pa nyanja. Pa Chingerezi amati rip current. Liwiro lake nthawi zina limaposa la katswiri aliyense wosambira. Chinyengo chake ndi chakuti pa khwawalo madzi amaoneka odikha, akuda pang'ono, opanda thovu, chifukwa ndi pakuya ndipo mafunde saswekapo. Mlendo woopa mafunde amasankha pamenepo poyesa kuti ndi pabwino. Funde limodzi likamutukula mapazi, amapezeka akutengedwa, nayamba kulimbana ndi madzi kuti abwerere kumtunda, mpaka mphamvu zitamuthera. M'mwezi wa Disembala 2022 anthu atatu anafa tsiku limodzi pa Bay of Plenty, gombe lomwe lija la mipikisano.

Wokwera mafunde amalidziwa khwawa limeneli, ndipo amalowamo dala kuti limutengere kumene akufuna kopanda kutopa. Iye amadziwa kuti khwawalo ndi lopapatiza, kuti silikokera munthu pansi koma kutali, ndiponso kuti mphamvu yake imatha kuseri kwa mafunde. Chotero malangizo a bungwe lopulumutsa anthu panyanja la NSRI, limene linayamba m'chaka cha 1967, ndi awa: wotengedwa asalimbane ndi madzi, ayandame chagada, akweze dzanja kuitana thandizo, ndipo ngati angathe asambire chopingasa, motsata gombe, kufikira atatuluka m'khwawamo. Bungweli limachenjezanso kuti mwezi ukakhala wathunthu, ndi pamene wangokhala kumene, nyanja imadzaza ndi kuphwa kwambiri, ndipo makwawa amakula mphamvu. Kuyambira 2017 laika pa magombe ambiri zoyandamitsa zofiirira zimene aliyense angaponyere munthu womira.

Mau kwa makolo ndi achinyamata

Inu achinyamata amene muli kumeneko, ndi inu amene mukukonza ulendo, imvani. Sambirani pokhapo pamene pali alonda a pagombe, pakati pa mbendera ziwiri zofiira ndi zachikasu zimene amazika mumchenga, pakuti iwo aona kale pamene pali khwawa. Musalowe m'madzi mutamwa mowa, usiku, kapena mutavala jinzi ndi nsapato. Musafulatire nyanja pojambulitsa pa miyala. Mnzanu akatengedwa musamudumphire chimanjamanja. Muponyereni choyandama, itanani alonda, ndipo imbani 112 pa foni ya m'manja. Koposa zonse, funsani. Safunsa anadya phula, ndipo mlonda wa pagombe kapena mnyamata wa thabwa sadzakusekani mukamufunsa pamene pali pabwino kulowa. Amene mtima ukufuna kuphunzira masewerawo, apite kwa aphunzitsi ake monga a ku Muizenberg, ayambe ndi kusambira, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Inu makolo anzathu, tikudziwa kuti mau oyamba kubwera pakamwa ndi akuti, usakayandikire madzi. Mau amenewo tawayesa kwa zaka zambiri, ndipo tonse tikudziwa zotsatira zake: mwana amapitabe, koma mobisala, wopanda wamkulu, ndipo ngozi ikachitika anzake amathawa poopa kukalipidwa m'malo moitana anthu. Mbiri imene tafotokozayi yationetsa kawiri konse kuti kuletsa anthu madzi kumachotsa nzeru, koma ngozi imatsala. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ana athu adzaona madzi amene ife sitinawaone, ndipo chimene tingawapatse ndi chizolowezi cholemekeza madzi ndi kuwaphunzira. Bungwe la zaumoyo la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira pa dziko lonse, ambiri a iwo ana ndi achinyamata, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, Africa ndiye anali patsogolo.

Sukulu yake ili pakhomo pathu pomwe. Likhubula, Lichenya, Ruo ndi Thuchila ndi mitsinje yotsika m'phiri, ndipo ili ndi chinyengo chakechake. Mvula ikhoza kugwa pamwamba pa phiri kuno kunsi dzuwa likuwala, ndipo mtsinje umene munawoloka m'mawa madzi ali m'kapolo umadzaza mwadzidzidzi. Amene anaona napolo wa ku Phalombe m'chaka cha 1991 ndi namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023 safuna wowauza. Dziwe la Nkhalamba, kumene magulu a achinyamata a m'mipingo ndi m'masukulu amakonda kukacheza, ndi lakuya ndi lozizira, ndipo kuzizira kwake kumabanikitsa ngakhale wodziwa kusambira. Lamezapo kale ana a eni.

Tsono popeza masukulu akutsekera ndipo maulendo a achinyamata ayamba, wa ku Likhubula kapena wa ku nyanja ku Mangochi, tipemphe atsogoleri zinthu zochepa zosafuna ndalama. Awerenge ana asanalowe m'madzi ndiponso atatuluka. Adziwe amene amasambira ndi amene samasambira, osangokhulupirira mau a mwana. Asankhe wamkulu mmodzi amene sadzalowa m'madzi, sadzaphika, sadzajambula, koma adzangoyang'ana. Pambali pake pakhale nsungwi yaitali, chingwe, ndi chigubu chopanda kanthu cha malita 20 chotsekedwa bwino, pakuti chigubu chotere chimayandamitsa munthu wamkulu. Afunse eni dera pamene pali pakuya ndi pamene pali miyala, ndipo aletse kudumpha chamutu pa dziwe losadziwika. M'mudzi uliwonse muli akuluakulu odziwa kusambira; m'nyengo yachilimwe, madzi ali ochepa, atenge ana kagulu kakang'ono nawaphunzitse kuyandama, asungwana pamodzi ndi amayi, anyamata pamodzi ndi abambo.

Okwera mafunde ali ndi mwambo umodzi umene tonse tingautengere. Ngakhale katswiri wa zaka zambiri, akafika pagombe sathamangira m'madzi. Amakhala pansi, thabwa lili pambali, nayang'ana nyanja kwa kanthawi: kumene mphepo ikuchokera, pamene mafunde akuswekera, pamene madzi akubwerera, ndi potulukira zinthu zikavuta. Mwana wa ku Mulanje amene waphunzitsidwa kuima pa gombe la Likhubula nayang'ana kaye mitambo ya paphiri ndi mtundu wa madzi asanavule malaya, adzachita chimodzimodzi tsiku limene adzaime koyamba pa mchenga wa ku Durban.